Hezekiya ndi Mpunga wa a Puruna

Hezekiya ndi msuwani wanga, mwana wa amalume, ndiye ndili ndi ufulu wonena za iye mmene ndafunira, ndipo alibe bwalo loti akandisumireko. Amakhala kuno ku Mualadzi, m'chigawo cha Tete, cha kumtunda kwa msewu wopita ku malire a Zambia. Ndi munthu wamtali, woonda ngati mpini wa khasu, wa nthiti zoti mwana wa sukulu akhoza kuphunzirirapo kuwerenga. Mukakumana naye panjira mukhoza kumva chisoni n'kumupatsa chinangwa chomwe munasungira ana. Musayese. Amayi a m'dera lino anasiya kalekale kumuitanira chakudya mongokwaniritsa mwambo.

Mwambowo mukuudziwa. Ukapeza anthu akudya amati, "Tiyeni kuno." Iwe umati, "Zikomo, tadya kale." Amakuitananso, umakananso, kachitatu m'pamene umasendera pafupi ngati akukukoka ndi chingwe. Hezekiya nayenso anakula akuchita zomwezo mpaka chaka cha 1986, pamene tinkathawa nkhondo. Tsiku lachiwiri la ulendo anafika pakhomo pa mayi wina napeza mbatata zophika zili m'lichero. Mayiyo anati tiyeni kuno. Hezekiya, njala itamufika m'maondo, anati zikomo mayi, tadya kale. Anakhala pa mtondo kudikira kuitanidwa kachiwiri. Kachiwiriko sikanabwere, kunabwera mfuti. Mayi analowera uku, Hezekiya uko, mbatata zinatsala zokha m'lichero. Anayenda masiku anayi akutafuna matowo. Atangodutsa malire analumbira pa dzina la malemu amayi ake kuti sadzakananso chakudya ngakhale kamodzi, ndipo sadzasiyanso kanthu m'mbale. Mpaka lero anthu akamakamba za nkhondo, ena akutchula abale awo, ena ng'ombe zawo, iye amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Zinali zija zofiira mkati, asuwani. Zotsekemera zija."

Ku Zambia tinakhalako zaka zisanu ndi zitatu, zambiri mwa izo kumsasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi. Kumeneko anakwatira Laurinda, mkazi wa kwathu konkuno, wodziwa kulankhula kamodzi nkhani n'kutha. Mtendere utabwera anatikweza m'malole mu 1994. Hezekiya anatsika ndi mkazi, ana anayi, khasu latsopano, kathumba ka mbewu, ndi chitseko chomwe anazula pa nyumba yake ya kumsasa, poti nyumbayo sinkanyamulika.

Vuto linali munda. Malemu amayi ake anasiya munda waukulu wa dothi lakuda pafupi ndi dambo, koma nthawi ya nkhondo asilikali ankagona momwemo, lero a mbali iyi, mwezi wamawa a mbali inayo, ndipo aliyense pochoka ankasiyira mnzake mphatso pansi pa nthaka. Chaka chomwe tinabwerera ng'ombe ya mnansi wathu inalowamo, ndipo mudzi wonse unadya nyama popanda wogwira mpeni. Kuyambira tsiku limenelo palibe anapondamonso. Anthu ochotsa mabomba okwirira anabwera, anayeretsa msewu, pa sukulu ndi pa chitsime, ndipo eni minda anawalemba pa lisita. Hezekiya ankapita kukafunsa mwezi ndi mwezi. Ankamuuza kuti dzina lake lilipo ndipo likuyenda bwino.

Anayesako nzeru zake. Anabwereka mbuzi zanga zisanu n'kuzilowetsa m'mundamo masiku atatu. Zinadya ngodya zonse n'kutuluka zitanona. Titayamba kusangalala, mkulu wina amene anali msilikali anatiuza kuti mbuzi ndi yopepuka, bomba siliimva. Ndiye chomwe Hezekiya anapindula n'kundinenepetsera mbuzi.

Zaka ziwiri analima kachigawo ka munda wa apongozi ake. Koma mu 1996 alamu ake, a Gervásio, anabwerako ku Malawi ndi akazi awiri ndi ana osawerengeka, ndipo anamuuza mwaulemu wonse kuti, "Alamu, chaka chino mvula ikagwa, khasu lanu lisagwe muno." Apo n'kuti mwezi wa khumi ukutha, mitambo itayamba kusonkhana madzulo. Munthu wa ana anayi wopanda polima, nkhani yake sifuna kutanthauzira.

Panatsala munthu mmodzi yekha: a Puruna. Iwowa anachokera ku Nepal, dziko la mapiri loyandikana ndi India, ndipo anabwera kuno ndi kampani ina yochotsa mabomba m'misewu. Anali aafupi, ojintcha, dzanja lamanzere la zala zitatu. Kampani itapita iwo anatsala chifukwa cha mayi Luísa a ku Tete, ndipo anamanga baraka, kanyumba kogulitsiramo chakudya, m'mphepete mwa msewu pomwe amaima makamiyau, malole akuluakulu aja a katundu. Pakhomo panali chikwangwani choti pano pali chakudya cha ku Nepal ndi ku India. Ankadyapo oyendetsa makamiyau ndi amwenye amalonda oyenda pakati pa Tete ndi Chipata. Ife eni dziko tinkangodutsa n'kununkhiza. Mbiri inali yoti chitsulo chawo chofufuzira pansi anachisunga kunsi kwa bedi, komanso yoti aliyense wowapempha za munda ankamukanira.

Laurinda ndiye anakonza ulendo. Anagwira tambala wake wofiira, wa chala chimodzi chopindika, namumanga miyendo, kenako anaimika mwamuna wake pakhomo.

"Musakayambe nkhani muli chiimire ngati wopala moto," anatero. "Mukadye kaye chakudya chawo. Mukachiyamikire. Mukamaliza, akakupatsani madzi osamba m'manja, ndiye mukapereke tambalayu n'kunena chomwe mwayendera. Osati pakamwa pali chakudya."

"Ndamva."

"Mutenge asuwani anuwa. Nzeru alibe, koma pakamwa ali napo."

Tinapalasa njinga imodzi, iye kutsogolo, ine pakaliyala ndi tambala m'khwapa, ndipo tinafika dzuwa lili paliwombo. Mkati munali matebulo anayi ndi mabenchi. Pakhoma panali chithunzi cha phiri loyera mbee ngati lathiridwa ufa. Fungo lake linali loti mphuno sinkadziwa kuti iyambire pati. Tambala ndinamukankhira kunsi kwa benchi. A Puruna anatuluka kukhitchini akupukuta manja, nagundanitsa zikhatho pachifuwa. Mwamuna aliyense ankamutchula kuti dai, komwe kwawo ndi kunena kuti achimwene.

"Khalani, dai. Mudya?"

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zikomo tadya kale, koma Hezekiya anandiponda phazi.

"Tidya," anatero.

Anatibweretsera aliyense mbale yachitsulo yotambalala ngati lichero. Pakati panali mulu wa mpunga, m'mbali timbale ting'onoting'ono: kena ka msuzi wachikasu wa nyemba zazing'ono zomwe amati dali, kena ka nyama ya mbuzi, kena ka ndiwo zamasamba, kena ka zinthu zofiira zomwe anati ndi achari. Tinayang'ana uku ndi uku kufuna supuni, koma a Puruna anatisonyeza kuti kwawonso amadya ndi dzanja. Hezekiya anandinong'oneza kuti, "Ndi munthu uyu."

Chakudyacho chinali chokoma, ndisaname. Koma ine ndinalakwitsa potapa achari ija ngati ndikutapa chigwada. Ndinamva ngati ndameza khala la mtsatsi wouma likadali lofiira. Makutu anatseka. Ndinamwa madzi onse a patebulo, ndinatsamira khoma, ndipo m'mbale mwanga munatsala mpunga wodzaza dzanja limodzi. A Puruna anabwera, anayang'ana mpungawo, anagwedeza mutu, nachotsa mbale yanga.

"Mwaona zomwe mwachita?" anatero Hezekiya chapansipansi. "Mwawanyoza. Akulandani mbale ngati mwana."

"Ndapsa lilime, asuwani."

"Lilime limamera. Munda wanga mwauika pamoto chifukwa cha mpunga wa dzanja limodzi. Khalani chete muone mmene amadyera munthu wolemekeza mwini khomo."

Anadya zonse. Anapukuta timbale tonse ndi chala, anatola njere zitatu zomwe zinagwera patebulo, mbale inawala moti ndinadzionamo nkhope. Kenako anawongola msana, natambasula manja kudikira madzi, mawu a pempho ali okonzeka kukhosi.

A Puruna anabwera, koma osati ndi madzi. Anabwera ndi mphika. Anayang'ana mbale yowalayo, nkhope yawo inagwa ngati amva uthenga wa maliro, ndipo anathira mulu wina wa mpunga woposa woyamba, nadzazanso timbale tonse.

"Idyani, dai."

Apa ndikuuzeni zomwe ife tinadzamva pambuyo pake, kuti musavutike monga tinavutikira ife. Kwawo kwa a Puruna, chakudya chimenechi sichikhala ndi malire. Mwini khomo amathirabe mpaka mlendo ataphimba mbale ndi dzanja kapena atasiyamo pang'ono. Mbale yanga anaichotsa chifukwa anaona kuti ndakhuta, basi. Koma mbale yopukutidwa mpaka kuwala, kwa iwo inkanena kuti, pakhomo pano m'pa umbombo, ndikuchoka ndi njala. Ndipo a Puruna anali atalonjeza milungu ya kwawo, tsiku lomwe anatsala ndi zala zitatu m'malo motsala opanda mutu, kuti munthu sadzachoka ndi njala pakhomo pawo. Choncho patebulo limodzi panakumana malumbiro awiri, ndipo palibe lomwe linkadziwa za linzake.

Mbale yachiwiri inatha. Inabwera yachitatu, pamodzi ndi chapati zinayi. Yachitatu itatha Hezekiya anamasula lamba. Inabwera yachinayi, ndi timitanda ta ufa wa tirigu tokutira nyama mkati, tomwe amati momo.

"Ingonenani nkhaniyo pano," ndinatero.

"Pakamwa pali chakudya?"

"Ndiye nenani kuti mwakhuta."

"Ndikane chakudya cha munthu amene ndikufuna kumupempha kuti akagwade pa bomba? Inu munasiya sukulu kalasi yanji?"

"Yachitatu. Inu yachiwiri."

"Ndiye chaka chowonjezeracho anakuphunzitsani chiyani?"

Nthawi imeneyo n'kuti makamiyau atatu ataima panja. Oyendetsa analowa, anakhala, anaitanitsa chakudya, koma a Puruna anangowakwezera dzanja kuti adikire, maso ali pa mbale ya Hezekiya. Poyamba oyendetsawo anadandaula. Kenako anatembenuza mabenchi awo kuti aziona bwino. Mmodzi wa iwo, bambo wonenepa wa ku Moatize, anadzuka n'kudzasuzumira kunsi kwa tebulo.

"Ndimati mwina pali thumba," anatero. "Akulu, chikupita kuti chimenechi?"

"Ali ndi mwendo umodzi wobowoka," ndinayankha. "Amayamba kudzaza umenewo."

"Tisiyirenikoni ngakhale makoko a mumphika, akulu. Tikupita kutali."

Hezekiya anangotapanso. Ankadya mwakachetechete ngati munthu wolima mzere womaliza dzuwa likulowa.

Pa mbale yachisanu a Puruna anayesa nzeru. Anaganiza kuti akachulukitsa tsabola mlendoyo agonja yekha popanda wochita manyazi. Msuzi unabwera wofiira moti ntchentche zinasamukira tebulo lina. Hezekiya anatapa, anameza, ndipo misozi inayamba kutsika masaya onse awiri mpaka kudontha pachibwano. Sanasiye. A Puruna ataona munthu wamkulu akulira chikudya, anaima chilili, nawonso maso anadzaza misozi. Anamugwira paphewa ndi dzanja la zala zitatu lija.

"Nkhondo, dai. Ndikudziwa. Njala yambiri. Pano simulira."

Anathamangira kukhitchini kukatenga zina.

"Asuwani," anatero Hezekiya, mawu akutuluka ngati a munthu ali m'chitsime, "ndikafa, mukauze Laurinda kuti sindinasiye kanthu."

"Ndikamuuza kuti munafera m'munda."

Mbuzi inatha. A Puruna anatuluka kukhitchini manja ali m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku ngati nyama ingagwe kudenga. Nthawi yomweyo tambala wathu, amene anakhala chete tsiku lonse, anasankha kulira kunsi kwa benchi.

"Wa yani?" anafunsa a Puruna.

Ine sindinama kawirikawiri pamaso pa alendo. Ndinati, "Ndi wanu. Tabweretsera inu."

Anagundanitsanso zikhatho, anamunyamula, nalowa naye kukhitchini. Hezekiya anandiyang'ana, koma pakamwa panali podzaza ndiye sanathe kunditukwana. Patapita kanthawi tambala anabwerera ali mumsuzi wachikasu, pambali pa mulu wachisanu ndi chimodzi. Hezekiya anatola mwendo, nauyang'ana chala chopindika chija.

"Uyu ndi wa Laurinda."

"Anali."

"Ndiye ndipereka chiyani popempha?"

"Mwapereka kale. Tsopano mukungothandiza kulandira."

Anamudya yense. Mafupa anawaphwanya n'kuyamwa mafuta a mkati, chifukwa lumbiro silinapatule mafupa. Oyendetsa makamiyau anavula zipewa.

Sindikudziwa kuti zikanatha bwanji mayi Luísa akanapanda kubwera. Anali atapita kuchigayo m'mawa, ndipo anafika dzuwa litapendeka, thumba lili pamutu. Anapeza makamiyau asanu panja, anthu khumi ndi awiri anjala atakhala ngati ali m'tchalitchi, mwamuna wawo akukokota pansi pa thumba la mpunga ndi chikho, ndi munthu woonda atakhala chowongoka chifukwa sankathanso kupindika. Anatula thumba, naitana mwamuna wawo ndi dzina la mwana wawo.

"Bambo a Inês, mpunga wa sabata yonse uli kuti?"

A Puruna analoza Hezekiya. "Sakukhuta, Luísa. Ndathira, ndathira. Akupukuta."

Mayi Luísa anatembenukira kwa ine, poti ndinali ndekha wooneka kuti ndikhoza kulankhula. "Bambo, anzanuwa akudwala?"

"Ayi mayi. Akudikira madzi osamba m'manja."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire mbale yoyamba."

Anatiyang'ana ife, anayang'ana mwamuna wawo, kenako anakhala pansi pa thumba lija n'kuseka mpaka kutsokomola. Atatha anapukuta maso ndi nsalu, anatenga beseni ndi jagi, anachotsa mbale pamaso pa Hezekiya osafunsa munthu, naika beseni pamalo pake.

"Sambani, bambo. Chakudya chatha. Ndanena ine."

Hezekiya anasamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anatsegula pakamwa kuti ayambe pempho lomwe analikonza masiku atatu, koma munalibe malo odutsa mawu. Munatuluka kamphepo chabe. Anandikodola ndi maso.

Ndiye ndinalankhula ine. Ndinayamikira chakudya, ndinayamikira dziko la Nepal ndi phiri lake la ufa, kenako ndinafotokoza za munda wa pafupi ndi dambo, za ng'ombe ija, za lisita, za alamu a Gervásio ndi ana anayi. A Puruna anamvetsera atakhala pa benchi, thukuta likuuma pamphumi. Nditamaliza anakweza dzanja lamanzere kuti tonse tilione.

"Ntchito imeneyo ndinasiya, dai. Anthu khumi ndi mmodzi apempha. Onse ndakana. Ndinalonjeza Luísa. Tsopano ndimaphika."

Ine ndinayang'ana pansi. Hezekiya anapuma kawiri katatu mpaka mawu anapeza kanjira, ndipo anayankha monga amayankhira munthu woleredwa bwino akakanidwa pa nkhani yaikulu.

"Tamva, bambo. Nkhani yaikulu sayankha tsiku limodzi. Muigonere. Tibweranso mawa kudzamva."

"Mawa?" anatero a Puruna.

"Mawa. Mukadzakhala musanaganize, tidzabweranso mkuja. Ife sititopa, bambo. Tizibwera nthawi ngati yomwe tinafika leroyi."

Sankaopseza. Ndikumudziwa msuwani wanga, ankangopereka ulemu. Koma a Puruna anatembenuka n'kuyang'ana kukhitchini, komwe miphika inayi inali chafufumimba ndipo thumba la mpunga linali litagona pansi ngati malaya ovula. Kenako anayang'ana akazi awo. Mayi Luísa anayang'ana thumbalo nthawi yaitali, nayang'ana Hezekiya, nafunsa kuti ana aja wamkulu ali ndi zaka zingati. Ndinati zisanu ndi ziwiri.

"Bambo a Inês," anatero, "pitani mukawaonere mundawo. Koma muzikagwada ngati muli ndi zala zitatu, osati ngati muli ndi khumi."

Pobwerera Hezekiya sanathe kukwera njinga. Bambo wa ku Moatize uja anamugoneka pamwamba pa matumba a simenti m'kamiyau yake, namutsitsa pa mphambano, ndipo anakana kulandira chilichonse. Anati nkhani yomwe akakambe ku Chipata yamukwanira.

A Puruna anafika Lolemba m'mamawa pa njinga, atanyamula chitsulo chawo chosongoka, chingwe, timitengo topaka utoto wofiira, ndi chakudya chawochawo m'kachitini, chomwe ankakadyera kuseri kwa chulu komwe Hezekiya sankawaona. Anatithamangitsa tonse kuti tikaime kutali kuseri kwa mitengo ya mango. Anamanga chingwe, anagwada, nayamba kubaya nthaka chopendekera, pang'onopang'ono, malo a chikhatho chimodzi nthawi imodzi. Chitsulo chikagunda cholimba ankaima, n'kugona chamimba, n'kuyamba kufukula m'mbali ndi zala ngati akuchotsa chitsotso m'diso la mwana.

Tsiku loyamba anafukula miyala makumi anayi. Lachiwiri makumi asanu ndi umodzi. Uliwonse ankaufukula ndi ulemu wa bomba, poti sungadziwe. Madzulo a tsiku lachiwirilo anabwera ku mango kuja atanyamula mwala umodzi wosalala.

"Dai, uwu ndi mwala wa kumtsinje. M'dothi lakuda ukufuna chiyani? Munda wonse wadzaza."

Hezekiya anakanda kumutu. Ndiye zinaululika kuti chilimwe chathachi, osauza munthu, ankapita kumtsinje m'mawa uliwonse, kudzaza dengu ndi miyala, kukwera pachulu n'kumaponya m'mundamo umodziumodzi kuti mwina agenda bomba. Anachita zimenezi miyezi inayi. A Puruna analankhula mawu ambiri m'chinenero cha kwawo akuyang'ana kumwamba. Sitinapemphe womasulira.

Anagwada masiku khumi ndi limodzi. Mabomba anapezeka awiri, limodzi pa kanjira kakale kopita kudambo, lina pansi pa mtengo wa mkuyu pomwe munthu aliyense wotopa akanakhala kuti apume. Tsiku lomwe anapeza la pa mkuyulo palibe anaseka. Laurinda anatenga ana n'kupita nawo kwa amayi ake mpaka madzulo. A Puruna sanawagwire mabombawo. Anawazunguliza timitengo tofiira, natumiza uthenga kwa anzawo akale a ntchitoyo, ndipo patapita masiku awiri kunabwera galimoto. Tinamva kugunda kawiri tili kumudzi, nkhuku zinabalalika, basi.

Mvula inagwa a Puruna atamaliza theka la munda lokha. Anakoka chingwe pakati, nanena kuti uku limani, uko musayerekeze mpaka chaka chamawa. Theka limenelo linali lokwanira kudyetsa banja.

M'mawa mwake tinasonkhana m'mphepete mwa munda, nthaka ili yonyowa, ikununkhira. Hezekiya anali ndi khasu paphewa, Laurinda mbewu m'kambale. Anafika pa malire n'kuima. Anakweza phazi, nalibweza. Anakwezanso linalo, nalibwezanso.

"Lowani, dai. Mwayera."

"Ndikulowa, bambo."

"Asuwani, mukudikira akuitaneni kachitatu?" ndinatero.

Hezekiya anangoima pamalire pomwepo. Zaka ziwiri akuuyang'ana mundawo ngati ng'ona yogona, miyendo inakana kumva kuti nkhani yatha.

A Puruna anavula nsapato, analowa m'mundamo, nayamba kuyenda akuponda mwamphamvu, kuchoka kuno mpaka ku chingwe, kubwerera, kupitanso, kukhota pomwe afuna, mapazi awo akusiya zidindo m'matope. Hezekiya anayang'ana chidindo choyamba. Anaikamo phazi lake, chidendene chikutsala kunja. Anaika linalo m'chachiwiri. Kenako anatsitsa khasu, natema phando pa chidindo chachitatu, Laurinda naponyamo mbewu ali kumbuyo kwake. Anatero tsiku lonse. Sanateme paliponse pomwe a Puruna sanaponde, ndipo a Puruna ataona zimenezo anangopitiriza kuyenda mpaka dzuwa kulowa.

Chimanga chinamera bwino, dothi lija linali litapuma zaka khumi. Koma chinamera mothithikana, motsata mayendedwe a munthu wa miyendo yaifupi, mizere yokhotakhota, pena yozungulira, pena yodutsana, ndipo pamalo ena panali kabwalo pomwe a Puruna anatembenuka kuthamangitsa njuchi. Mlangizi wa zaulimi atadutsa mwezi wa Janeiro anaima nthawi yaitali, nafunsa kuti kabzalidwe kameneka tinakaphunzira kuti. Hezekiya anamuuza kuti n'ka ku Nepal. Mlangiziyo analemba m'buku lake.